Ndingayambire pati kufufuza kholo lathu la ku Ireland m'mabuku a matchalitchi ndi m'kalembera wakale?

Mayi wa ku Mpondasi

Ndikupereka moni kwa nonse, akuluakulu ndi anzanga. Ndikupempha nzeru kwa amene anayesapo kufufuza mbiri ya makolo ochokera ku Ireland. Agogo anga obereka amayi anabadwira kuno ku Mangochi cha m'ma 1919, tauniyi ikadatchedwa Fort Johnston, ndipo bambo awo anali mzungu wokonza injini za sitima zapanyanja. Akuluakulu a mbumba yathu amanenetsa kuti mzunguyo ankakana kutchedwa Mngelezi, ankati kwawo ndi ku Ireland, ndipo anachoka agogo akadali kumsana, osabwereranso. Chimene tatsala nacho ndi dzina lake, monga momwe makutu a anthu akuno analimvera, ndi kapepala kothetheka ka ubatizo wa agogo, kamene sikatchula kumene bambowo anachokera. Dzinalo sindililemba pano chifukwa amalume, amene ndiwo eni mbumba, sanandilole kuti ndiliulutse pagulu.

Ena andiuza kuti ndisataye nthawi chifukwa zolembedwa zonse za ku Ireland zinapsa ndi moto, pamene ena akuti mabuku a maparishi ndi kalembera wakale zikupezeka pa intaneti kwaulere. Zoona ndi ziti, ndipo munthu wokhala ku Mangochi, amene alibe ndalama zokwerera ndege, angayambire pati? Sindikufuna chuma kapena pasipoti ya dziko la eni, koma amayi akalamba, ndipo ndikufuna kuti amve dzina la mudzi umene agogo awo aamuna anabadwira iwo akadali ndi moyo.

Mphunzitsi wopuma, Namwera

Mayi, onse amene anakuyankhulani ananena mbali ya choonadi. Moto unalipodi. Pa 30 Juni 1922, nkhondo yapachiweniweni ya ku Ireland itangoyamba kumene, nyumba yosungiramo zikalata za boma yotchedwa Public Record Office, imene inali pa Four Courts mumzinda wa Dublin, inaphulika ndi kupsa, ndipo mapepala a kalembera wa 1821, 1831, 1841 ndi 1851 anathera momwemo, kupatula zidutswa zochepa za madera ena. Mapepala a kalembera wa 1861, 1871, 1881 ndi 1891 sanapse ndi motowo ayi, boma lenilenilo linali litawawononga kale. Mabuku ambiri a ubatizo, ukwati ndi maliro a mpingo wa Church of Ireland nawonso anapsa, chifukwa mpingowo unali wa boma mpaka mu 1871 ndipo lamulo linkati mabuku ake akale ndi zikalata za boma zoyenera kusungidwa ku Dublin. Koma mabuku a Akatolika ndi a Presbyterian sanapite kumeneko, anatsala m'manja mwa eni ake, n'chifukwa chake anapulumuka.

Kwa inu nkhani ndi yabwino, chifukwa nthawi imene mukufunayo ndi yomwe zolembedwa zake zilipo. Ngati bamboyo anali ndi mwana kuno cha m'ma 1919, n'kutheka kuti anabadwa pakati pa 1875 ndi 1895. Ku Ireland boma linayamba kulemba m'kaundula ana onse obadwa, maukwati onse ndi imfa zonse mu 1864, ndipo maukwati a anthu osakhala Akatolika linayamba kuwalemba kale mu 1845. Kaundula ameneyu sanapse. Masamba ake mungawaone kwaulere pa irishgenealogy.ie, pamene amaonetsa kubadwa kopitirira zaka 100, maukwati opitirira zaka 75 ndi imfa zopitirira zaka 50. Tsamba la kubadwa kwa mwana limatchula tsiku ndi malo, dzina la bambo ndi ntchito yawo, komanso dzina la mayi pamodzi ndi dzina la kwawo asanakwatiwe, ndipo dzina lomalizirali ndi limene limasiyanitsa banja lina ndi linzake pamene mayina a abambo afanana.

Kalembera wa pa 31 Malichi 1901 ndi wa pa 2 Epulo 1911 alipo onse, ndipo National Archives of Ireland inawaika pa intaneti kwaulere. Mumaona pepala lenilenilo limene mutu wa banja anasaina kapena kuikapo chizindikiro: mayina a onse amene anagona m'nyumbamo usiku umenewo, ubale wawo, mpingo, zaka, ntchito, kudziwa kuwerenga ndi kulemba, chigawo chimene aliyense anabadwira, ndiponso ngati ankayankhula chinenero cha Irish. Wa 1911 amawonjezera zaka zimene mayi wakhala m'banja, ana amene anabereka amoyo ndi amene anali akadali moyo. Palinso pepala lina lofotokoza nyumbayo, makoma ake, denga lake, zipinda ndi mazenera akutsogolo, moti mungadziwe ngati kholo lanulo linakulira m'nyumba yofolera ndi udzu. Ine ndikuganiza kuti mu 1901 mudzamupeza ali mnyamata pakhomo pa makolo ake kapena akuphunzira ntchito, koma mu 1911 mwina anali atachoka kale.

Chenjezo langa ndi limodzi, ndipo ndi lalikulu. Musalowe m'mabuku amenewa ndi dzina lokha. Mayina monga Murphy, Kelly, Byrne ndi Walsh ali ndi eni ake miyandamiyanda, ndipo anthu a kumeneko ankabwereza mayina oyamba omwewo, mwana wamwamuna woyamba kutenga dzina la agogo obereka bambo ake, wachiwiri la agogo obereka mayi. Kufufuza munthu wotere popanda kudziwa dera lake kuli ngati kufika pa msika wa Mangochi n'kumafunsa kuti a Phiri amakhala kuti. Ntchito yanu yoyamba ili kuno kwathu, kufuna pepala lililonse lotchula kumene anabadwira kapena chaka chake chobadwa.

Mlembi wa pa tchalitchi, Malindi

Ndikugwirizana ndi aphunzitsi kuti poyambira ndi pano pomwe. Mayi, kapepala kanu ka ubatizoko ndi kongokopera, buku lenileni linatsala pa misheni imene agogo anabatizidwira kapena linatengedwa kupita ku likulu la dayosizi. M'mabuku akale ansembe ankalemba zambiri kuposa zimene ankapatsa makolo, ndipo kawirikawiri m'mphepete mwa tsamba mumapezeka mawu owonjezera onena za bambo wa mwana, za amene ankamulipirira sukulu, kapena za ukwati wake pambuyo pake. Ngati unali ubatizo wa Anglican, kumbukirani kuti amishoni a mpingowo, a Universities' Mission to Central Africa (UMCA), anali ndi malo ku Mpondasi komweko ndi kuno ku Malindi. Pitani ndi amalumewo, mukafotokoze ubale wanu bwinobwino, ndipo mukapemphe kuona tsambalo ndi maso anu kuti mukopere dzina la mzunguyo chilembo ndi chilembo monga momwe wansembe analilembera, popeza wansembeyo n'kutheka kuti ankamudziwa ndipo ankadziwa kalembedwe ka dzina lake.

Mukachoka pamenepo mukafike ku National Archives of Malawi ku Zomba. Sitima zapanyanja pa nthawi imeneyo zinali za eni osiyanasiyana: zina za boma, zina za African Lakes Corporation imene timaitcha Mandala, ndipo zina za amishoni, monga Chauncy Maples. Kukhala bwino kufunsa akuluakulu ngati akukumbukira dzina la sitima kapena la bwana amene bamboyo ankagwirako ntchito, chifukwa wantchito wa boma amapezeka m'mapepala a boma, pamene wa kampani kapena wa misheni mumamufuna kwina. Laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre nayonso imasunga mabuku ndi zithunzi zakale za nthawi ya atsamunda. Musaiwalenso kuyendera manda akale a azungu pa boma la Mangochi pomwepa, popeza nthawi zina munthu amene banja limati anabwerera kwawo amakhala kuti anamwalira ndi malungo asanachoke n'komwe.

Pa za mabuku a maparishi a ku Ireland ndiwonjezere izi. National Library of Ireland inaika zithunzi za mabuku a Akatolika pa intaneti mu 2015, ndipo ambiri amathera cha m'ma 1880. Choncho ubatizo wa kholo lanulo mwina simudzaupeza mmenemo, koma ukwati wa makolo ake ndi maubatizo awo mukhoza kuwapeza. Pa tsamba la laibulaleyo simulemba dzina n'kufufuza ayi, mumasankha parishi n'kumawerenga tsamba ndi tsamba, ndipo ambiri mwa mabukuwo analembedwa m'Chilatini: James ndi Jacobus, John ndi Joannes, William ndi Gulielmus, Patrick ndi Patricius, koma dzina la banja ankalisiya momwe lilili. Muzilembanso mayina a amene anaimira mwana pa ubatizo ndi a mboni za ukwati, chifukwa kawirikawiri anali abale enieni a bambo kapena a mayi.

Wa ku Makanjira, panopa ndili ku Dublin

Amayi anga, ndaona kuti akuluakulu afotokoza zambiri, ine ndingotchula zimene zimasokoneza anthu. Choyamba, mpaka mu 1922 chilumba chonse cha Ireland chinali mbali ya United Kingdom, choncho m'mapepala a ku Zomba bamboyo adzalembedwa ngati mzika ya Britain, ndipo zimenezo zisakukhumudwitseni, inu muyang'ane pamene alemba malo obadwira. Chachiwiri, kampani ya Mandala inali ya ku Glasgow ndipo antchito ake ambiri anali ochokera ku Scotland. Kuyambira pa njala yaikulu ya 1845 mpaka 1852 mabanja ambiri a ku Ireland anasamukira ku Glasgow ndi ku Liverpool, ndipo ana awo obadwira kumeneko ankadzitchabe anthu a ku Ireland. Mukamusowa m'kaundula wa ku Ireland, musafulumire kunena kuti akuluakulu a mbumba ananama, mwina anabadwira ku Scotland kwa makolo a ku Ireland, ndipo kaundula wa ku Scotland ali ndi ubwino woti tsamba la kubadwa kwa mwana limatchula tsiku ndi malo a ukwati wa makolo ake.

Chimene mukufuna kwenikweni ndi dzina la townland. Umenewu ndi malo aang'ono kwambiri m'kagawidwe ka dziko la Ireland, ndipo alipo opitirira 60,000 m'zigawo 32 za chilumbachi. Mukalidziwa, mumadziwa parishi, koma samalani chifukwa parishi ya boma ndi parishi ya Akatolika sizimafanana malire nthawi zonse, ngakhale mayina. Kuchokera pamenepo mungabwerere m'mbuyo ndi Griffith's Valuation, kaundula wa minda ndi nyumba amene anasindikizidwa pakati pa 1847 ndi 1864, wotchula amene ankakhala pa malo ndi mwini malo amene ankamulipira lendi. Ngati zitapezeka kuti kwawo kunali kumpoto, monga ku Belfast kumene kunali makampani akuluakulu opanga sitima, mabuku ambiri a matchalitchi a kumeneko amasungidwa ku Public Record Office of Northern Ireland.

Zaka za anthu m'kalembera musazikhulupirire kwambiri. Lamulo la penshoni ya okalamba la 1908 linkapereka ndalama kwa amene afika zaka 70, ndipo m'kalembera wa 1911 mumapeza anthu amene zaka zawo zakwera kuposa khumi kuchokera mu 1901. Palinso makolo amene ankachedwa kulembetsa mwana, ndipo poopa chindapusa ankasuntha tsiku lobadwa, moti mwana amaoneka kuti anabatizidwa asanabadwe. Mayina nawonso amasintha, O' ndi Mc amaikidwa kapena kuchotsedwa, choncho yesani kalembedwe kangapo. Za unzika munanena kuti simukuzifuna, koma kwa ena owerenga ndinene kuti lamulo la kuno limathandiza amene agogo ake enieni anabadwira pa chilumbachi, ndipo pamafunika masatifiketi olumikiza mibadwo yonse, osati mbiri ya pakamwa yokha.

Mayi wa ku Mpondasi

Zikomo kwambiri nonse atatu. Ndawawerengera amalume mayankho anu, ndipo akumbukira kuti amayi awo ankati sitimayo inali ya Mandala, komanso kuti mzunguyo sankapemphera ndi amishoni a pa Mpondasi ngakhale kuti mwana anabatizidwira pamenepo pambuyo pake. Avomera kuti tipite limodzi kukapempha buku la ubatizo. Funso langa lotsala ndi lakuti, ndikapeza anthu awiri kapena atatu a dzina lomwelo ndi zaka zoyandikana, ndidzadziwa bwanji kuti wathu ndi uyu?

Mphunzitsi wopuma, Namwera

Mayi, aliyense wa iwo mumutsate mpaka kumapeto a moyo wake, ndipo amene mudzamupeza akukwatira ku Ireland mu 1918 kapena akumwalira komweko ali mnyamata mumuchotse. Wotsalayo ayenera kugwirizana ndi pepala la kuno pa zinthu ziwiri kapena zitatu nthawi imodzi, monga chaka chobadwa, ntchito ndi mpingo. Zimene amalume anena zoti sankapemphera pa misheni ya Anglican zisungeni, chifukwa kalembera amatchula mpingo wa munthu aliyense, ndipo ngati anali Mkatolika kapena wa Presbyterian zidzakuthandizani kupatula ena. Alipo mabuku a anthu okwera sitima kuchoka m'madoko a Britain kuyambira 1890 mpaka 1960, ndipo apaulendo obwera ku Nyasaland nthawi imeneyo ankatsikira ku Chinde kapena ku Beira, koma masamba a pa intaneti amene ali ndi mabukuwo ndi olipira, ndiye muwasiye kaye mpaka mutadziwa kalembedwe kenikeni ka dzina.

Pamene mukupita ku misheniko mutenge kope, ndipo amayi anu ndi amalume muwafunse aliyense payekha, mulembe zonena zawo ndi tsiku limene anena. Muwafunsenso dzina la mayi amene anabereka agogo anu, mudzi wake ndi mfumu yake, chifukwa ku Zomba ndi ku misheni mwana wotere nthawi zambiri ankalembedwa pa dzina la mayi ake ndi mudzi wa kuchikazi, ndipo popanda zimenezo wosunga mabuku sadzadziwa tsamba loti akutsegulireni.