Nyumba ya Erddig inatitimira chifukwa chiyani?

Wachidwi: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndamva kuti chinyumba chakale cha Erddig, pafupi ndi Wrexham ku Wales, chinkatitimira m'nthaka. Kodi amisiri analakwitsa maziko?

Mmisiri: Ayi, maziko analibe mlandu. Nyumbayi inamangidwa ndi njerwa kuyambira 1684 mpaka 1687, ndipo inaima bwinobwino zaka zoposa 250. Chinaipweteka ndi mgodi wa malasha wa Bersham, umene unakumba mpaka pansi pake nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha. Malasha akachotsedwa, denga la mgodi limagwa, nthaka ya pamwamba n'kutsika. Erddig inatsika pafupifupi mita imodzi ndi theka. Choipa kwambiri n'chakuti mbali ina inatsika kuposa inzake. Makoma anang'aluka, denga linapendekeka, ngalande za padenga zinasiya kutaya madzi kunja. Mvula inayamba kulowa m'zipinda, matabwa n'kuwola. Ngakhale bedi lamtengo wapatali la m'ma 1720, lokutidwa ndi silika wa ku China, linanyowa mpaka analitumiza ku London kuti akalikonze.

Nyakwawa: Zoona a Mmisiri, koma tisaunjike mlandu wonse pa mgodi. Umphawi wa eni ake unathandizira. Woimanga, Joshua Edisbury, anagwa m'ngongole, nyumba n'kupita kwa John Meller, loya wa ku London, amene anawonjezera zipinda mbali zonse ziwiri. Meller atamwalira mu 1733, inagwera mwana wa mlongo wake, Simon Yorke, ndipo banja la Yorke linakhalamo zaka 240. Pofika m'ma 1920 ndalama zinali zitachepa, antchito atachoka, kudontha kwa denga kulibe woti n'kukonza. Magetsi sanakokeremo n'komwe.

Wachidwi: Nanga ndalama zokonzera zinachokera kuti?

Nyakwawa: Philip Yorke anapereka nyumbayo ku National Trust, bungwe losamalira malo akale, mu 1973. Bungwe la boma loyendetsa migodi ya malasha, National Coal Board, linalipira chipukuta misozi cha mapaundi 120,000, zomwe sizikanakwana. Ndalama zenizeni zinabwera atagulitsa maekala 63 a malowo kufupi ndi tauni, pamtengo wa mapaundi 995,000. Ntchito inatenga zaka zinayi, ndipo anaitsegulira anthu mu 1977. Banjali silinkataya chinthu, n'chifukwa chake zithunzi za antchito zilipobe: kalipentala, wosula zitsulo, mayi wogwira ntchito m'nyumba, chilichonse ndi ndakatulo yake yolembedwa ndi bwana. Alendo salowera khomo lakumaso. Amalowera kubwalo la antchito.