MGB ya 1972 yopinda denga: ndiikonze kaye kapena ndigulitse momwe ilili?

Chisamba72: Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Malemu bambo anandisiyira galimoto ya MGB Roadster ya 1972, ija ya mabampala a chrome. Yakhala m'galaja zaka zambiri osayenda. Denga lansalu linang'ambika, zenera lapulasitiki lakumbuyo linachita chikasu, mipando makoswe anaimaliza. Injini sindinayese kuiliza. Pansi pa zitseko penti yatuluka matuza. Ndalama zoikonzera ndilibe, koma mnzanga akuti ndingoipopera penti, mtengo ukwera. Nditani?

Sipanala: Achimwene, pentiyo ayi, chonde. MGB ilibe chasisi yapayokha, thupi ndi lomwe limanyamula zonse, ndipo popeza pamwamba palibe chitsulo, mphamvu yake ili m'ma sill, zitsulo zapansi pa zitsekozo. Matuza mukuonawo ndi dzimbiri lomwe layambira mkati. Wogula wodziwa amabwera ndi maginito m'thumba. Akangopeza pomwe sakumata, adziwa kuti mwabisa filler, phala lija lotsekera mabowo pachitsulo, basi ayamba kukayikira galimoto yonse mpaka inu amene. Ikwezeni pa jeke, mutsegule ndi kutseka zitseko. Zikamakana, thupi lafooka, ndipo kuwotcherera kwake ndi komwe kumadya ndalama. Jambulani malo oolawo pafupi, wogula aone yekha.

MayiGalaja: Kiyi musamukhudze kaye. Chotsani mapulagi, thirani oyilo pang'ono m'masilinda onse anayi, papite masiku angapo, kenaka mupukuse injini ndi sipanala. Ikazungulira, mulembe zimenezo pamalonda, ogula amafunsa chimenechi poyamba. Petulo wogonera amamata makabureta awiri aja a mtundu wa SU, osakaniza petulo ndi mpweya. Musuzumirenso kuseri kwa mipando, ya chaka chimenecho imakhala ndi mabatire awiri a 6 volts, asidi wake amadya chitsulo.

Mdala_wa_MG: Mwayi wanu ndi mabampalawo. Kumapeto kwa 1974 anayamba kuika arabala akuda chifukwa cha malamulo a ku America, ndipo ambiri sawakonda. Koma musaike mtengo wakumwamba. Kufakitale ya MG ku Abingdon, ku England, anapanga zoposa 500,000 kuyambira 1962 mpaka 1980, si galimoto yosowa. Mapepala ake alipo? Nambala ya pagalimoto igwirizane ndi ya pamapepala.

Chisamba72: Zikomo nonse. Mapepala alipo, injini yazungulira. Koma chitseko chakumanzere chikukana kutsekeka ili pa jeke. Ndijambula mawa, penti ndaisiya.