Maeriyo awiri, chingwe chimodzi: chithunzi chikungoduka

Fundi wa pa Mponda: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili pa nyumba ina yogona alendo kufupi ndi Makawa. Mwini wake ali ndi dikoda ya Kiliye Kiliye ndi ya GOtv, ndipo pamalo pano siginolo yabwino ya dikoda iliyonse ikuchokera mbali yakeyake, ndiye ndakweza maeriyo awiri pa mlongoti umodzi. Vuto ndi lakuti chingwe cholowa m'nyumba n'chimodzi chokha, cha mtundu wa RG6, anachikwirira m'khoma pomanga, ndipo bwanayo akukana kuti ndiboole penanso. Ndatenga splitter, kachipangizo kogawa siginolo pa zingwe ziwiri, n'kuitembenuza kuti iphatikize maeriyo onse awiri. Eriyo iliyonse payokha ikugwira bwino. Ndikangoziphatikiza, strength (mphamvu ya siginolo) ikuonetsa 70 koma quality (ubwino wa siginolo) ikugwa mpaka 20, chithunzi n'kumangoima. Ndakwera padenga kanayi, malata akuotcha ngati chiwaya.

Wamawaya ku Monkey Bay: Achimwene, gulani diplexer basi, kachipangizo kophatikiza masiginolo a mafunde osiyana pa chingwe chimodzi. Ine ndimaphatikiza dishi ndi eriyo pa chingwe chimodzi, sizinandivutepo.

Mkulu wa ku Namwera: Ayi amwene, yanuyo ndi nkhani ina. Siginolo ya dishi imatsika pakati pa 950 ndi 2150 MHz, ya eriyo ili pansi pa pamenepo, n'chifukwa chake diplexer imazisiyanitsa mosavuta. Kwa mnzathuyu maeriyo onse ndi a gulu limodzi la mafunde lotchedwa UHF, akumwera chitsime chimodzi. Diplexer ya dishi singathandize, yosiyanitsa UHF ndi gulu lina la mafunde la VHF nayonso ayi.

Fundi, tamverani. Eriyo siisankha kuti ine ndine wa GOtv. Iliyonse ikutola masiginolo onse awiri, wina mwamphamvu, wina pang'ono. Siginolo yomweyo ikafika pa splitter kudzera njira ziwiri zosiyana kutalika, ina imachedwa pang'ono, ndipo zikakumana mosemphana zimadyana. N'chifukwa chake strength ili pamwamba pomwe quality yafa. Onjezani kuti splitter imodzi imadya pafupifupi 3.5 dB pa mphamvu ya siginolo, ndipo pansipo mwaikanso ina yogawira madikoda awiri. Ndi 7 dB imeneyo, mwatsala ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu. Funso langa: pali busta, kachipangizo kokweza mphamvu ya siginolo?

Fundi wa pa Mponda: Ilipo bambo, pa eriyo imodzi, yolandira 5V kuchokera ku dikoda. Ndaona kuti kanyali kake sikakuyaka chiphatikizireni.

Mkulu wa ku Namwera: Ndi pamenepo. Yang'anani splitter yanuyo pomwe analemba power pass, kusonyeza mwendo wodutsa magetsi. Ngati mwalumikiza busta ku mwendo wosadutsa magetsi, busta yafa ndi njala, ndipo busta yosayaka imatchinga siginolo kuposa kukhala popanda busta. Ngati miyendo yonse ikudutsa magetsi, eriyo yopanda bustayo ikhoza kumachita shoti. Mukufunika yodutsa mwendo umodzi wokha. Splitter ya pansinso iyenera kudutsitsa magetsi a dikoda imodzi yokha, inayo muzimitse antenna power pa menu.

Mukakonza zimenezo, talikitsani maeriyo pa mlongoti, pafupifupi mita imodzi, asayandikane ngati mmene anyamata ambiri amachitira pofuna kusunga chitsulo. Eriyo imamva kwambiri kutsogolo, m'mbali ndi yogontha. Muzipotoza pang'onopang'ono kuti siginolo yosafunikayo igwere m'mbali.

Wamawaya ku Monkey Bay: Ndavomera akulu, ndinafulumira. Koma muonenso ma F-connector, timitu tolumikizira chingwe. Kuno kunyanja chinyezi chimalowa, mkuwa wapakati umasanduka wobiriwira. Ndipo mwera ukayamba mu June, eriyo yomangidwa ndi mphira wa chubu imatembenuka yokha usiku umodzi.

Fundi wa pa Mponda: Ndabwereranso. Busta inalidi pa mwendo wolakwika, ndasintha, kanyali kayaka. Quality ya Kiliye Kiliye yafika 75, koma GOtv ikudukabe pa matchanelo ena.

Mkulu wa ku Namwera: Tsopano sinthani kutalika kwa chingwe cha eriyo imodzi. Pa 600 MHz funde limodzi mkati mwa RG6 ndi pafupifupi masentimita 40, ndiye kudula 20 kumatembenuza zomwe zimadyana kuti zizithandizana. Musadule zonse nthawi imodzi, yambani ndi 10, wina akhale pa TV azikuuzani.

Fundi wa pa Mponda: Ndadula 10, kenako 5. Mnyamata wolondera amakuwa manambala pawindo ine ndili pamwamba. Zonse ziwiri zili pamwamba pa 65 ndipo sizikuduka. Ndakulunga ma connector ndi tepi, mlongoti ndaumanga ndi mawaya atatu. Ndidzabweranso mvula yoyamba ikagwa kuti ndidzaone ngati manambala asuntha. Zikomo kwambiri bambo.