Mbali zonse zili monga pa pulani, koma nyumba yakana kulowa sikweya

Mmisiri wa ku Mponela: Akuluakulu, ndithandizeni msanga, aganyu okumba fondeshoni akubwera mawa m'mawa. Nyumba ndi ya mamita 12 m'litali, 9 m'lifupi. Zikhomo ndakhoma, zingwe ndakoka. Kutsogolo 12, kumbuyo 12, mbali ziwirizi 9 ndi 9, ndabwereza katatu. Koma ndikayeza dayagonolo, kona ndi kona, ina ikundipatsa 15.10, inzake 14.90. Makona onse ndinaika ndi sikweya yanga yachitsulo, chida choyezera makona kuti asapotoke. Yapenga ndi tepi kapena ndine?

Kalipentala wa ku Ndirande: Tepi ilibe mlandu, achimwene. Nyumba yanu yapendekeka ngati chitseko cha matabwa chopanda thabwa lopingasa. Mbali zonse zitha kukwana bwinobwino makona ali opotoka. Musalole akumbe. Odzalira ndife a denga: malata amatuluka kumapeto ngati mano a sowo, ndipo mwini nyumba amakalipira kalipentala, womanga atapita kale ndi ndalama zake.

Wophunzira ntchito wa ku Mzuzu: Zasiyana ndi masentimita 20. Sunthani zikhomo ziwiri zakumbuyo ndi theka lake, 10, zitheka.

Foromani wa ku Area 25: Mphwanga wayandikira, koma 10 siikwana. Dayagonolo siyenda molunjika ndi khoma, imadutsa mopingasa. Ukasuntha chikhomo sentimita imodzi motsatira chingwe cha mamita 12, dayagonolo imangosintha ndi mamilimita 8, chifukwa 12 kugawa ndi 15 ndi 0.8. Ukasuntha 10, ina itsika ndi 8, ina ikwera ndi 8, utsala ndi 15.02 ndi 14.98. Pamafunika masentimita 12 ndi theka.

A ku Mponela, chitani chonchi. Chingwe chakutsogolo musachikhudze, ndicho chikuyang'ana msewu. Pezani kona yakumbuyo imene dayagonolo yaitali ija, ya 15.10, ikuthera. Isunthireni cha kumene kuli kona inzake yakumbuyo, ndipo inzakeyo muisunthenso mbali yomweyo ndi muyeso womwewo, kuti 12 yakumbuyo isasokonezeke.

Mwachitanso mwayi ndi pulani imeneyi. 9 ndi 12 ndi lamulo la 3-4-5 lija (mbali ina ikakhala 3, inzake 4, dayagonolo 5, ndiye kuti kona ili sikweya), kungochulukitsa katatu: 9 kuchulukitsa ndi 9 ndi 81, 12 kuchulukitsa ndi 12 ndi 144, 81 kuphatikiza 144 ndi 225, ndipo 225 ndi 15 kuchulukitsa ndi 15. Ndi Pythagoras amene tinkamuthawa ku sekondale. Ndiye dayagonolo zonse ziwiri ziwerenge 15 ndendende.

Mmisiri wa ku Mponela: Ndamva bwana. Koma chikundipweteka mutu n'chakuti sikweya inagona bwino pa chingwe. Zalakwika pati?

Foromani wa ku Area 25: Sikweya yanuyo ndi yaitali bwanji? Ngati ndi ya masentimita 60, kupotoka kwa masentimita 12.5 pa mamita 9 kumaoneka ngati mamilimita 8 okha kumapeto kwa sikweya. Chingwe chikugwedezeka ndi mphepo, inu mwawerama padzuwa, 8 ameneyo amakudutsani. Sikweya isungireni njerwa ndi mafelemu. Poyala nyumba yonse, sikweya yanu ndi tepi.

Mayi wa matailosi, Zomba: Ndionjezeko pang'ono madala. Ena akangoona kuti dayagonolo zafanana amanyamula tepi n'kumapita. Ndinalowapo m'chipinda china chimene dayagonolo zake zinali zofanana ndithu, koma khoma lina linali lalifupi ndi masentimita 6 kuposa loyang'anana nalo, 3 mbali iyi, 3 mbali inayo. Matailosi a m'mphepete ndinadula mopendekera, mzere wonse, ndipo bokosi limodzi linathera pomwepo. Mukatha kusuntha, yezaninso mbali zonse zinayi, kenako dayagonolo.

Kalipentala wa ku Ndirande: Komanso malowo ngati ndi otsetsereka, musamayeze pansi. Khomani maprofailo, matabwa omangirirapo zingwe kunja kwa makona, muwaike pa levulo imodzi ndi paipi ya madzi, muyeze pa zingwe. Malo akatsika masentimita 60 pa mamita 9, tepi yogona pansi imakunamizani ndi masentimita awiri. Tepi yansalu ija nayonso imatamuka mukaikoka kwambiri, bwerekani yachitsulo.

Wophunzira ntchito wa ku Mzuzu: Za 0.8 zija ndalemba kuseri kwa thumba la simenti. Zimagwira pa nyumba iliyonse?

Foromani wa ku Area 25: Ayi, nambala imasintha. Tenga utali wa khoma limene ukusunthira motsatira, ugawe ndi dayagonolo. Pa chipinda cha 4 ndi 4 ndi pafupifupi 0.7.

Mmisiri wa ku Mponela: Ndabwerako kusaiti, mdima unatsala pang'ono kundipeza. Ndasuntha 12 ndi theka monga munanenera. Dayagonolo ina 15.00, ina yapitirira ndi mamilimita atatu, mbali zonse zili m'malo. Chikhomo chimodzi chinagwera pa chitsa cha mango, ndachita kukhoma msomali pa chitsapo. Phulusa lolembera mizere ndithira m'mawa aganyu asanafike.