Thandizeni abale: pepala la dental technology lomwe limayenda kunja ndi liti?

Moni nonse m'gulu muno, a admin ndiloleni. Ndili ndi zaka 26, ndimakhala ku Joni chaka chachinayi tsopano ndipo ndimagwira ntchito mu labu ina yopanga mano oyikirira. Ndinalowa ngati wosesa koma pano ndimathira ma model a plaster, kusema wax, kupolisha ma denture (mano oyikirira ovula ndi kuvala), ma repair bwana amangondisiyira. Vuto pepala ndilibe, ndili ndi MSCE basi. Kunoko technician amayenera kulembetsa ku South African Dental Technicians Council, ndiye ntchito ndimagwira ine manja oyera mbee ndi plaster koma pa job card pamasainidwa dzina la wina.

Mwezi watha ndinapita kumudzi ku Ntcheu ndinakapeza agogo akungoviika nsima mu msuzi, nthuli ya nyama akupatsa adzukulu poti mano a chibwano onse anatha. Zinandipweteka kwambiri, ine tsiku lililonse ndikupanga mano a anthu osawadziwa. Ndiye ndatsimikiza mtima kupita kusukulu, koma kuti? Ndikuganiza za mayunivesite a DUT ku Durban, CPUT ku Cape Town kapena TUT ku Pretoria, ena akuti ndipite ku Kenya ku Kenya Medical Training College (KMTC) kuli dipuloma, ena akuti Germany amakulipira uku ukuphunzira. Ndikufuna pepala loti ndikagwira ntchito kunja zaka zingapo ndidzabwere nalo kumudzi ndidzatsegule labu yanga. Odziwa ndithandizeni chonde.

Membala wa ku Area 25: Achimwene bwerani kuno mudzalowe ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe, za mano amaphunzitsa.

Membala wina: Ayi musamusokoneze. Imene mukunenayo ndi dental therapy, therapist amagwira m'kamwa mwa wodwala, kuzula ndi kumata mano. Technician amakhala mu labu, dokotala amamutumizira impression (chikombole cha mano a wodwala) iye n'kupanga crown (chovindikira dzino), bridge (mano otseka mpata) kapena denture. Digiri ya udokotala wa mano yomwe inayamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe pano ndi Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), mothandizana ndi University of Glasgow, nayonso ndi njira ina. Aise iwe ngati ukudzabwerera kuno lembera kalata a Medical Council of Malawi usanalipire fizi kulikonse, uwafunse ngati pepala la sukuluyo angalilembetse, yankho likhale lolembedwa osati la pafoni.

Mayi a ku Cardiff: Mwana wanga, kuno ku UK popanda kulembetsa ku General Dental Council sungatchedwe dental technician, ngakhale manja ako akhale aluso bwanji. Maphunziro ake alipo kuno ku yunivesite ya Cardiff Met, koma fizi ya munthu wochokera kunja ndi yoboola m'thumba. Ukabwera ndi pepala lakunja a General Dental Council amaunika zomwe unaphunzira chimodzichimodzi, ndiye sunga ma transcript ndi silabasi yonse, usataye olo kapepala kamodzi. Komanso kuno kuli clinical dental technician, ameneyu amaloledwa kuona yekha munthu wopanda dzino olo limodzi n'kumupangira denture yonse. Nkhani ya agogo akoyo yandikumbutsa zimenezo.

Membala wa ku Hamburg: Za Germany ndi zoona, amati Ausbildung ya Zahntechniker, zaka zitatu ndi theka, masiku ena mu labu masiku ena m'kalasi ndipo kandalama kamabwera mwezi ndi mwezi. Koma zonse ndi m'Chijeremani mpaka mayeso, ndiye yamba chilankhulo lero lomwe ufike mulingo wa chilankhulo wa B1 olo B2 n'kupezanso labu yokulemba. Ubwino wake iwe manja anazolowera kale, chongowonjezera ndi CAD/CAM, mano ambiri pano amajambulidwa pa kompyuta makina n'kusema zirconia, chinthu cholimba chopangira mano.

Membala wa ku Durban: Poti uli kuno kale yamba ndi kutumiza MSCE yako ku SAQA, bungwe lounika mapepala a sukulu kuno ku South Africa, akaiunike, kenako funsa a South African Dental Technicians Council kuti kosi yomwe akuivomereza chaka chino ndi ya sukulu iti, usangodalira zolembedwa pa intaneti.

Wolemba: Zikomo kwambiri nonse, za therapist ndi technician ngakhale a kwathu amazisokoneza, amanditcha adokotala. Kalata ya ku Medical Council ndilemba sabata yomwe ino. Inu a ku Hamburg, Chijeremanicho munaphunzirira kuti ndipo chinakutengerani miyezi ingati mukugwira ntchito? Ine ndimaweruka 5 koloko, Loweruka theka la tsiku.