Kodi ngwazi ya allround speed skating amaipeza bwanji, popeza mitunda ilipo inayi?

Tembo_Chelstone analemba:

Ndikupempha amene amatsatira masewera a pa ayezi kuti andithandize. Ndakhala ndikuonera pa YouTube mpikisano wa dziko lonse lapansi wa allround speed skating, kutanthauza liwiro la pa ayezi la mitunda inayi, umene unachitikira ku Inzell, m'dziko la Germany, mu 2024, ndipo pali zinthu zimene sizikundimvekera. Othamanga amalowa m'bwalo awiriawiri, koma amene wafika poyamba mwa awiriwo sasangalala, m'malo mwake amangoyang'ana nthawi pa bolodi. Kenaka pamatuluka mndandanda wa manambala okhala ndi madijiti atatu pambuyo pa kadontho, ndipo amene ali ndi nambala yaing'ono ndiye ali pamwamba. Kodi manambala amenewa amachokera kuti? Funso langa lachiwiri ndi lakuti, kodi n'zomveka kuti munthu mmodzi apikisane pa mamita 500 komanso pa mamita 10,000? Ife kuno sitingayembekezere kuti Muzala Samukonga, amene anatibweretsera mendulo pa mamita 400 ku Paris, akathamangenso mtunda wautali mawa lake.

MayiBanda_Kabwata anayankha:

Bambo Tembo, funso lanu loyamba ndi la masamu, choncho ndiloleni ndiliyankhe monga mphunzitsi wa phunzirolo. Amuna amathamanga mitunda inayi, ya mamita 500, 5,000, 1,500 ndi 10,000, pamene amayi amathamanga ya mamita 500, 3,000, 1,500 ndi 5,000, ndipo zonsezi zimachitika m'masiku awiri otsatizana. Amene mukuthamanga naye si mdani wanu weniweni, chifukwa chimene chimalembedwa ndi nthawi yanu, n'chifukwa chake mukuwaona akuyang'ana bolodi.

Njira yowerengera imatchedwa samalog. Nthawi ya mtunda uliwonse imasandutsidwa masekondi, kenaka imagawidwa ndi kuchuluka kwa mamita 500 amene ali mu mtundawo. Nthawi ya pa mamita 500 imatengedwa momwe ilili, ya pa 1,500 imagawidwa ndi 3, ya pa 3,000 ndi 6, ya pa 5,000 ndi 10, ndipo ya pa 10,000 imagawidwa ndi 20. Zotsatira zinayizo zikaphatikizidwa, amene ali ndi mapointi ochepa ndiye wapambana, monga momwe zimakhalira pa mayeso a Giredi 12, pomwe mwana wa mapointi 6 ndiye wakhoza bwino kuposa wa mapointi 20.

Tiyerekeze kuti wothamanga wina wamaliza mamita 500 m'masekondi 36, ndipo mnzake wamaliza m'masekondi 37, kenaka pa mitunda iwiri yapakati afanana. Woyambayo akathamanga mamita 10,000 m'mphindi 13 ndi masekondi 20, amenewo ndi masekondi 800, ndipo tikagawa ndi 20 tipeza mapointi 40. Kuti wachiwiriyo angofanana naye, ayenera kupeza mapointi 39, kutanthauza masekondi 780, kapena kuti mphindi 13 ndendende. Mwaona tsono kuti sekondi imodzi imene inatayika pa mtunda waufupi ikubwezedwa ndi masekondi 20 pa mtunda wautali, ndipo pa liwiro la anthu amenewa masekondi 20 ndi oposa theka la bwalo. Bwalo lawo ndi la mamita 400, lofanana kutalika ndi mothamangira mwa ku National Heroes Stadium, choncho mamita 10,000 ndi maulendo 25 ozungulira. Chotsatira chake n'chakuti munthu angathe kukhala ngwazi popanda kupambana mtunda ngakhale umodzi, malinga ngati pa mitunda yonse inayi sanatsalire kwambiri.

Mwale_Matero anayankha:

Mayi Banda afotokoza bwino, koma ine ndikufuna kuonjezera kuti lamulo limeneli silinali chonchi kuyambira pachiyambi, ndipo mbiri yake ikukhudza funso lachiwiri la a Tembo. Bungwe la ISU, loyang'anira masewerawa pa dziko lonse lapansi, linakhazikitsidwa mu 1892, ndipo mpikisano woyamba wovomerezeka wa amuna unachitikira ku Amsterdam mu 1893, pomwe Jaap Eden wa ku Netherlands anapambana. M'zaka zoyambirirazo munthu ankayenera kupambana mitunda itatu mwa inayi kuti atchedwe ngwazi, ndipo pakapanda wochita zimenezo chaka chinkatha popanda ngwazi. Pambuyo pake anayamba kuwerengera mapointi, komabe anasunga lamulo lakuti wopambana mitunda itatu watenga ulemu, kaya mapointi ake ali bwanji. Lamulo limeneli linabweretsa mkangano ku Oslo mu 1983, pamene Rolf Falk-Larssen wa ku Norway anapambana mitunda itatu n'kukhala ngwazi, chikhalirecho Tomas Gustafson wa ku Sweden ndiye anali ndi mapointi abwino. Patangopita zaka zochepa lamulolo linachotsedwa, ndipo kuyambira pamenepo samalog yokha ndiyo imagamula.

Amayi analandira mpikisano wawo wovomerezeka mochedwa, mu 1936 ku Stockholm, ndipo anapambana ndi Kit Klein wa ku America. Mipikisano ya amuna ndi amayi inkachitika padera mpaka mu 1996, pamene anayamba kuichitira pamodzi.

Pomwe ndikusiyana ndi Mayi Banda ndi pa maganizo akuti njirayi imangofuna munthu wosatsalira paliponse. Ine ndimaona kuti imakondera anthu a liwiro lalifupi, ndipo chitsanzo chawo chomwecho chikundiikira umboni. Munthu amene mwendo wake wangoterereka pang'ono poyambira mamita 500 amalipira cholakwacho kwa masiku awiri, pamene wa liwiro lalifupi amalowa mtunda womaliza akudziwa kale kuchuluka kwa masekondi amene angataye. Onjezerani pamenepo kuti masiku ano ndi anthu 8 okha amene amaloledwa kuthamanga mtunda womaliza, kotero kuti katswiri wina wa mtunda wautali angathe kubwerera kwawo asanathamange mtunda umene amaudziwa bwino. Jordan Stolz wa ku America, amene a Tembo munamuona akupambana ku Inzell ali ndi zaka 19, amadziwika kwambiri pa mitunda yaifupi, ndipo anagonjetsa Patrick Roest amene anali atapambana mpikisanowu mu 2018, 2019 ndi 2020.

Zulu_Woodlands anayankha:

Bambo Mwale, mukadanena zoona zikadakhala kuti mndandanda wa ngwazi ndi wodzaza ndi anthu a liwiro lalifupi, koma si momwe zilili. Amene anapambana kambiri mwa amuna ndi Sven Kramer wa ku Netherlands, ka 9 pakati pa 2007 ndi 2017, ndipo mphamvu zake zinali pa mamita 5,000 ndi 10,000. Asanafike iye, Oscar Mathisen wa ku Norway ndi Clas Thunberg wa ku Finland ndiwo anali patsogolo, aliyense ka 5. Mwa amayi, Gunda Niemann-Stirnemann wa ku Germany anapambana ka 8, Ireen Wüst wa ku Netherlands ka 7, ndipo Martina Sáblíková wa ku Czech Republic, amene mamita 500 ankamuvuta poyerekeza ndi anzake, anapambana ka 5 chifukwa chobweza ngongole yake pa mitunda yaitali. Mu 2022 ku Hamar anapambana ndi Nils van der Poel wa ku Sweden, amenenso ndi munthu wa mitunda yaitali. Masekondi 20 akuoneka ochuluka papepala, koma munthu wa liwiro lalifupi akatopa pakati pa mamita 10,000 angathe kumataya sekondi yathunthu pa ulendo uliwonse wozungulira, ndipo maulendowo alipo 25.

Ine ndinaonerapo masewerawa ndi maso ku Thialf, bwalo lofoleredwa la ku Heerenveen, pa nthawi imene ndinkaphunzira ku Netherlands, ndipo pali zinthu ziwiri zimene kanema saonetsa bwino. Choyamba ndi phokoso la nsapato. Chitsulo chakunsi kwa nsapato chimagwira kutsogolo kokha ndi kahinji, moti wothamanga akakankha, chidendene chimanyamuka chitsulocho chili chigonere pa ayezi, kenaka sipuling'i imachibweza ndipo chimamveka kuti khwa! Nsapato zimenezi, zotchedwa klapschaats, zinafala cha m'ma 1997, ndipo pa masewera a Olimpiki a ku Nagano mu 1998 zinathandiza kuphwanya marekodi ambiri. Chachiwiri ndi mphunzitsi amene amaima pa ayezi kumbali yowongoka ya bwalo atanyamula kabolodi ka manambala awiri. Akaonetsa 1.5, akutanthauza kuti ulendo wapitawo watenga masekondi 31.5, ndipo anthu oonerera, ambiri atavala zaolenji, amalemba manambalawo papepala n'kumawerengera okha ngati wothamangayo akadali pa njira yopambana.

Pamalo pomwepo m'pamenenso othamanga amasinthana njira pa ulendo uliwonse, wamkati kupita kunja ndi wakunja kulowa mkati, kuti onse athamange mtunda wofanana. Kulakwitsa pamenepa n'kokwera mtengo. Pa Olimpiki ya ku Vancouver mu 2010, Kramer anamaliza mamita 10,000 mofulumira kuposa onse, koma anachotsedwa pa mpikisano chifukwa mphunzitsi wake anamulozera njira yolakwika.

Pa funso lanu lachiwiri, Bambo Tembo, kusiyana kwa ayezi ndi nthaka n'kwakuti pa ayezi thupi silimenyeka pansi pa sitepe iliyonse, ndipo luso la kakankhidwe ndi kakhotedwe ndi limodzimodzi pa mitunda yonse. N'chifukwa chake zinatheka kuti Eric Heiden, amene anali ngwazi ya allround mu 1977, 1978 ndi 1979, atenge mendulo zonse 5 zagolide pa Olimpiki ya ku Lake Placid mu 1980, kuyambira pa mamita 500 mpaka pa 10,000. Chodandaula changa n'chakuti mpikisanowu ukuchepa mphamvu. Kuyambira mu 1996 pali mpikisano wa dziko lonse wa mtunda umodziumodzi, ku Olimpiki mendulo ya allround inaperekedwa kamodzi kokha, ku Chamonix mu 1924, ndipo tsopano allround imachitika kamodzi pa zaka ziwiri. Achinyamata ambiri amasankha mtunda umodzi chifukwa ndiko kuli mendulo ya Olimpiki.

MayiBanda_Kabwata anayankhanso:

Bambo Mwale ndi Bambo Zulu, ndikuona kuti nonse mukufotokoza mbali ziwiri za masamu amodzi. Samalog imayesa liwiro la pa mamita 500 aliwonse, choncho chofunika n'chakuti othamanga amasiyana motani pa mtunda uliwonse. Pamene kusiyana kuli kwakukulu pa mamita 500, wa liwiro lalifupi amapindula, ndipo pamene kuli kwakukulu pa mitunda yaitali, amapindula winayo. Kwa amayi mitunda yaitali ndi yaifupiko, kotero kuti sekondi imodzi ya pa mamita 500 imabwezedwa ndi masekondi 10 pa mamita 5,000. Miho Takagi wa ku Japan, amene anadziwika ndi kuchita bwino kwambiri pa mamita 1,000 ndi 1,500, anapambana mu 2018 pa bwalo lapanja la ku Amsterdam, patsogolo pa Wüst.

Tembo_Chelstone anayankha:

Zikomo kwambiri nonse. Ndayesa kuwerengera ndekha nthawi za ku Inzell potsatira njira ya Mayi Banda ndipo manambala akugwirizana ndi a pa bolodi. Bambo Mwale, chimene chatsala ndi nkhani ya anthu 8 aja: kodi amasankhidwa potengera mapointi a mitunda itatu yoyamba, kapena potengera zotsatira za mamita 5,000 zokha?