Chimbale cha ma Rolling Stones cha Hackney Diamonds, alipo wachimvera kuno ku Mzuzu?

Mnyamata_wa_ku_Chibavi:
Akuluakulu ndithandizeni. Amalume anga ndi aja anakhalitsa ku Joni, pobwera anabwera ndi katoni ya makaseti ndipo ine nyimbo za rock ndinazidziwira momwemo, ndiye dzana ndawauza kuti ma Rolling Stones atulutsa chimbale chatsopano, Hackney Diamonds, chinatuluka pa 20 Okutobala 2023, iwo angoseka nkuti "amenewo akadali moyo?" Ndachimvera kawiri pa foni bandulo mpaka kutha koma mutu wanga sukugwirabe. Mick Jagger anali ndi zaka 80 pomwe chimbalechi chimatuluka koma mawu ake akumveka ngati wachinyamata, ndi iyeyo zoona kapena ndi makompyuta a mu studio? Komanso woimba ng'oma wawo Charlie Watts anamwalira mu 2021, ndiye gululi tizilitchabe dzina lomwe lija?

Madala_a_Katoto:
Mphwanga, choyamba usamvere pa kasipika ka foni, umenewo ndi mwano. Ine ndinachiika pa wailesi ya pa balaza usiku kukuwaza kamvula kathu ka Mzuzu kaja, mayi akunyumba atagona, magetsi nkuthima ndili pa nyimbo yachinayi yomwe Paul McCartney wa ma Beatles akuimba besi, ndinachita kudikira mpaka m'mawa kuti ndimalize. Anthuwa anayamba mu 1962 ife tikadali Nyasaland, ndipo chimbale cha nyimbo zawozawo anatulutsa komaliza mu 2005, cha 2016 chija zinali nyimbo za blues za anthu ena. Zaka 18 osatulutsa chimbale cha nyimbo zawozawo kenako nkubwera ndi moto chonchi, ine ndavula chipewa. Za Charlie Watts usadandaule kwambiri, alimo mu nyimbo ziwiri zomwe anajambula mu 2019 asanatisiye, zinazo akumenya ndi Steve Jordan. Tchera khutu bwinobwino uona kusiyana, malemuwo ankamenya mofatsa ngati munthu woti sakuthamangira kulikonse, winayu dzanja lake ndi lolemera.

Nyachirwa265:
Pepani madala koma ine sindikugwirizana nanu. Chimbalechi ndi chosalala mopitirira, ngati nsima ya ufa woyera wopetedwa kakhumi, yokongola m'mbale koma ukadya sumva chimanga. Rock imakoma ikamakanda pang'ono ngati mgaiwa. Amene anakonza chimbalechi, Andrew Watt, ndi mwana wobadwa mu 1990, wazolowera kujambula oimba a pop ndipo zikumveka. Komanso alendo achuluka bwanji, Elton John, Stevie Wonder, Lady Gaga, ngati ukwati wa pa Katoto woti aliyense akufuna agwireko maiki. Ngakhale, ndisanama, ya Lady Gaga ija ndaibwereza kambirimbiri pochapa, ikumveka ngati kwaya ya Lamulungu m'mawa ndipo kumapeto kuja akamayankhizana ndi Jagger thupi limachita tsembwe.

Rasta_wa_Luwinga:
Aise funso lako lachiwirilo ife a Malawi tinaliyankha kalekale. Evison Matafale anamwalira mu 2001, Musamude Fumulani mu 2007, koma ma Blacks akabwera kuno holo imadzaza mpaka pakhomo, ma Kuimba akutulukabe ndipo palibe amapita pa geti kukafunsa ngati ali Black Missionaries enieni. Ena amati za Matafale zokha ndiye zinali nyimbo, chabwino, koma akamaimba zatsopano omwewo ndi amene amakhala kutsogolo akuvina. Bola Jagger ndi woimba gitala Keith Richards alipo dzina likhala.

Madala_a_Katoto:
Asisi a Nyachirwa mwamvera mpaka nyimbo yomaliza koma? Mulibe alendo mmenemo, ndi Jagger ndi Richards awiriwiri, gitala ndi kachitoliro kapakamwa basi, akuimba nyimbo ya Muddy Waters yomwe anatengako dzina la gulu lawo. Mgaiwa mukuufunawo ndi umenewo.

Nyachirwa265:
Imodzi pa nyimbo 12 madala, ndiwo zake zachepa.

Mnyamata_wa_ku_Chibavi:
Yewo nonse. Ndafufuzanso dzinalo, akuti ku London "Hackney diamonds" ndi timagalasi tija timatsala pansi akuba akaswa windo ya galimoto, ine ndimayesa ndi miyala yamtengo wapatali eti. Loweruka ndikabwereka sipika kwa mnzanga ku Mchengautuwa ndikawaikire amalume, koma akuti pokhapokha ndichijambulire pa kaseti, ndiye amene akudziwa komwe ndingapeze kaseti yopanda kanthu mu Mzuzu muno andiuze, mu msika ndazungulira kale anyamata akungondiseka.